Chaka Chimene Ndulu Yanga Inasiya Kuyenda

Masiku ano liwu lovuta la kuchipatala silivutitsanso munthu. Umangolilemba pa foni, n'kudina, basi mawu a mzungu akukutchulira kawiri, katatu, kakhumi ngati ukufuna, osatopa ndiponso osakuyang'ana ngati mbuli. Ine langa ndinaliphunzira movutikira, nditakhala pa benchi yathabwa, nsapato zili m'manja, mimba ya miyezi isanu ndi itatu ili patsogolo, ndipo mphunzitsi wake anali nesi wachikulire amene ankandigogoda ndi bolopeni pa bondo ndikalakwitsa. Polemba amalemba cholestasis. Potchula timati kolestasisi, chifukwa zilembo ziwiri zoyambazo zimamveka ngati k. Tanthauzo lake n'lakuti ndulu yasiya kuyenda bwino kuchoka m'chiwindi kupita m'matumbo. Ndi zomwezo basi. Koma matenda amenewa ndi amene anaika moyo wa mwana wanga woyamba pachiswe.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Kabwata, mu Lusaka, ine ndi amuna anga, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kokhala ndi mpanda wa maluwa ndi mtengo wa mango umene zipatso zake zinkathera m'mimba mwa ana a eni. Tsopano ndili ku Chelstone, nyumba ndi yaikulu, mpanda ndi wanjerwa, ndipo mnansi wanga wa kuseri kwa khoma ndimamudziwira galimoto yake yokha. Ku Kabwata munthu sunkayetsemula osamva wina akufunsa ngati wamwa mankhwala. M'mawa mawailesi a nyumba zisanu ankalankhula nthawi imodzi, ndipo madzulo utsi wa makala unkayala pamwamba pa madenga, azimayi akukupiza mbaula ndi zivundikiro za mapoto. Ndimakusowa kumeneko, ngakhale kuti pa nthawiyo ndinkatukwana ngalande ya kutsogolo kwathu imene inkatsekeka chaka chilichonse mvula ikangoyamba.

Ndinkagwira ntchito yotayipa makalata mu ofesi ina pafupi ndi Cairo Road. Ndinali mtsikana wa pakamwa, wodzimva, woyenda ndi nsapato zogogoda mpaka mimba itandiletsa. Masana tinkapita ndi anzanga ku City Market kukagula chimanga chootcha ndi kukagwiragwira zitenje zimene sitinkagula. Amuna anga anali kalaliki, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa, amene ulendo wake unali wa kuntchito, kukwaya ndi kunyumba.

Amayi anga ankakhala ku Chilenje, m'nyumba imene bambo anawasiyira pomwalira, ndipo ankagulitsa nyemba ndi mtedza ku msika wa Soweto. Anali Achewa a ku Katete, ndipo zaka zonse zimene anakhala mu Lusaka sizinawapinde lilime. Ife ana awo tinalipo atatu, ine woyamba ndi ang'ono anga awiri. Pa banja pathu ankandiseka kuti ndine waphuma kuyambira m'mimba, chifukwa ndinabadwa mwezi wathunthu usanakwane, kakang'ono kosagwirika. Mimba yanga itafika miyezi isanu ndi iwiri, amayi anasamukira kwathu kudzandidikirira, monga amachitira amayi pa mimba yoyamba ya mwana wawo.

Kuyabwa kunayamba iwo atangofika kumene. Kunayambira m'zikhatho ndi pansi pa mapazi. Panalibe nsungu, panalibe zidzolo, khungu linkaoneka bwinobwino, koma mkati munkachita ngati mwalowa linthumbu. Ku ofesi ndinkavula nsapato pansi pa tebulo n'kumakanda mapazi ndi rula. M'minibasi ndinkapekesa zikhatho pa chitsulo cha mpando mpaka wokhala naye pafupi kusendera. Tulo ndiye tinachoka. Unali mwezi wa Okutobala, majakaranda atachita maluwa m'misewu ya ku Woodlands, dzuwa likuswa mtengo, ndipo thukuta linkangowonjezera moto pa moto.

Mnansi wathu, mayi wa ku Luapula amene anali ndi ana asanu ndi awiri ndiponso yankho pa chilichonse, anandipeza tsiku lina ndikukwecha phazi ndi chitsononkho pa khonde. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Shani, mayo! Osayopa. Mwana uyo ali na sisi zambili, ndiye zamene zikukunyelenyesani mukati. Zolani chabe vaselini."

Ndinakhulupirira za tsitsi la mwanazo, chifukwa ndinkafuna kukhulupirira. Ndinadzola vaselini mpaka nsalu za pabedi zonse zinachita mafuta. Mkodzo unayamba kuda ngati tiyi wopanda mkaka, koma ndinkati ndi kutentha, sindikumwa madzi okwanira.

Amene sanaseke anali amayi. Tsiku limene anandiona koyamba ndikukanda zikhatho, anaima pakhomo ndi tsache m'manja n'kumandiyang'anitsitsa. Mawa lake sanapite ku Soweto, n'kuja lakenso, mpaka malo awo anasiyira mnzawo. Mchere anauchotsa pa shelefu n'kukaubisa m'chikwama chawo, ndipo analamula kuti m'nyumba muno wothira mchere m'ndiwo ndi iwo okha. M'mawa uliwonse ankandigwira pa mimba ndi manja awiri n'kudikira mpaka mwana atagunda, kenako n'kuchoka. Choipa kwambiri, anayamba kuwazizirira amuna anga. Munthu akachedwa pang'ono kuchokera kukwaya, ankapeza apongozi ake atakhala pa mpasa, nkhope itagwa, moni akuyankha ndi mphuno.

Tsiku lina tikusankha nyemba anandifunsa motsitsa mawu. "Mwana wanga, kodi bambo a kunyumbawa amayenda bwino?"

"Amayenda ndi miyendo iwiri, Amayi. Mukufuna kunena chiyani?"

"Nanga iweyo? Ngati pali kanthu kamene kanachitika, undiuze ine mayi wako kusanade."

Ndinapsa mtima tsiku limenelo moti ndinagubuduza lichero lonse. Ndinkadziwa zimene ankanena. Kumudzi amati mimba ikavuta ndiye kuti mmodzi mwa awiriwo analumpha mpanda wa banja. Ndinawauza kuti kuno ndi ku Lusaka, zimenezo akazinenere ku Katete, ndipo ngati abwera kudzandipasulira banja, basi ya ku Chilenje imadutsa pa msewu pomwepo. Anagwada n'kuyamba kutola nyemba imodzi imodzi m'fumbi. Mpaka lero ndikakumbukira msana wawo utawerama pamenepo ndimachita manyazi.

Ku sikelo ndinkapita mokhulupirika, koma za kuyabwa sindinanene. Amene anaimapo pa mzere wa sikelo akudziwa chifukwa chake. Tinkafika kusanatenthe, azimayi odzaza mabenchi onse, kuimba nyimbo imodzi, kumvera phunziro la zakudya, kenako mmodzimmodzi kukwera pa sikelo ndi kupimidwa. Nesi ankafunsa, maso ali pa khadi, "Kuli vuto?" ndipo aliyense ankayankha, "Kulibe." Ukati ulipo ndiye kuti wachedwetsa mzere wonse, ndipo a kumbuyo kwako ayamba kung'ung'udza. Komanso alangizi anatiphunzitsa kuti mkazi salira ndi mimba. Munthu ungaime pamaso pa anthu n'kunena kuti vuto langa ndi kuyabwa? Ndinkavala bulauzi ya manja aatali kubisa zipsera za zikhadabo, n'kumati kulibe ngati anzanga onse.

Chimene chinandiulula ndi nsapato. Pokwera pa sikelo tinkavula, ndipo tsiku limenelo panali nesi wina wachikulire, wamfupi, wa magalasi omangirira ndi kachingwe, amene sankayang'ana khadi lokha. Nditatsika anaona kadontho ka magazi pamene ndinaponda.

"Imwe ba mami, bwelani kuno. Onesani mapazi."

Ndinakhala pa benchi n'kutukula phazi. Pansi pake panali pofiira, potupa, pong'ambika ndi chitsononkho. Anatembenuza zikhatho zanga, anapinda manja a bulauzi, anandikoka chikope n'kuyang'ana m'diso.

"Yayamba liti iyi?"

"Mwezi watha, ba sisita."

"Mwezi! Manje nikamufunsani ati kuli vuto, muyankha ati kulibe? Mikozo ili bwanji?"

Nditamuuza, anavula magalasi n'kundiyang'anitsitsa. Anauza mzere wonse kuti udikire, ndipo palibe amene analimba mtima kung'ung'udza. Anakhala pambali panga n'kulemba liwu lija pa khadi langa ndi zilembo zazikulu.

Anandifotokozera ngati mwana wa sukulu. Anandifunsa ngati ndinatumbulapo nkhuku, ndipo ngati ndimakadziwa kathumba kobiriwira kamene kamamatirira ku chiwindi, kamene kakaphulika nyama yonse imawawa. Anati madzi ake amapangidwa m'chiwindi n'kumatsikira m'matumbo kukathandiza kugaya mafuta. Kwa azimayi ena, mimba ikakula, madziwo amayenda mwaulesi, amadikha, kenako amasefukira m'magazi. Kuyabwa kuja ndi ndulu imene ili m'magazi. Ndinaganiza za ngalande ya kutsogolo kwathu ndipo ndinamvetsa msanga.

"Imwe muzapola mukabeleka," anatero. "Vuto ni mwana. Iyi ndulu siimufuna mwana. Angankale bwino lelo, mailo mwapeza aleka kusewela mu mimba. Mufunika kuyenda ku chipatala chikulu lelo lamene."

Kenako anandiphunzitsa kutchula. Anati pa khomo la chipatala chachikulu pamakhala anthu ochuluka, ndipo ndikakanena kuti ndikumva kuyabwa akandipatsa mafuta odzola n'kundibweza. Ndikanene dzina lenileni la matendawo, mokweza, ngati munthu wodziwa chimene wabwerera.

"Kambani. Ko."

"Ko."

"Le. Sta. Sisi. Kolestasisi."

Lilime langa linakana. Ine amene ndinkatayipa Chingerezi tsiku ndi tsiku ndinkangopunthwa pakati pa liwu. Bolopeni inagwira ntchito pa bondo langa kanayi kapena kasanu. Azimayi a pa benchi anayamba kutchula nane pansipansi, ena akuseka, mpaka ndinalitulutsa lonse bwinobwino. Nesi uja sindinamuonenso, ndipo dzina lake sindinafunse, koma nkhope yake ndingaijambule ngakhale lero.

Ndinadzera kunyumba kukatenga amayi. Sitinkalankhulana bwino chiyambire tsiku la nyemba, koma anangomanga chitenje n'kunditsatira. M'minibasi monse ndinkabwereza liwu lija chamumtima, dzanja lili pa mimba, ndikuwerenga kugunda kwa mwana. Pa khomo la chipatala ndinalitchula mokweza monga anandiuzira, ndipo mlembi anandiyang'ana kawiri n'kunditumiza molunjika kwa dokotala. Ananditenga magazi n'kundiuza kuti ndibwere patapita masiku awiri.

Dokotala wake anali wachinyamata, wa ku Copperbelt, wa Chinyanja chophotchoka koma woleza mtima. Tsiku la zotsatira amayi anakhala pa kampando pafupi ndi chitseko, chikwama chili pa miyendo. Dokotala anati magazi akuonetsa kuti chiwindi chavutikadi, koma osati kwambiri. Njira zinalipo ziwiri. Yoyamba inali kudikira tsiku langa, limene linali litatsala masabata anayi, ndikumwa mapilisi ndi kubwera kudzapimidwa sabata iliyonse. Yachiwiri inali kuyambitsa matenda a kubereka msanga kuti mwana atuluke ndulu isanamupweteke, koma imeneyonso inali ndi vuto lake, chifukwa mwana wobadwa masiku asanakwane amatha kuvutika kupuma. Anati asanasankhe afuna adziwe za kwathu.

"Ku banja kwanu kuli muntu anankalako na vuto iyi? Ba mami banu, olo ba sisi? Kuli amene mwana anafela mu mimba pafupi na kubeleka?"

"Iyayi, ba dokota," ndinayankha msangamsanga. "Ine ndine woyamba kubadwa, tilipo atatu, tonse tili moyo."

Dokotala anasuzumira kwa amayi. Iwo anali kuyang'ana zipi ya chikwama chawo. Sanagwedeze mutu kuvomera kapena kukana, ndipo ine ndinaganiza kuti ndi mkwiyo wa tsiku lija. Dokotala analemba pa khadi n'kunena kuti ngati zili choncho tidikire, ndipo mwana akangochepetsa kugunda ndithamangire kuchipatala. Ndinatuluka mtima utatsikako. Amayi anayenda kumbuyo kwanga mpaka pa siteji ngati munthu wasenza katundu.

Masana a tsiku lomwelo anagula nkhuku yamoyo kwa mnansi, chinthu chimene sankachita pakati pa sabata. Anaipha kuseri kwa nyumba, pansi pa mango, ndipo ine ndinakhala pa mpando mapazi ali m'beseni la madzi ozizira. Ndinawaona akusosola, akutumbula, akutulutsa chiwindi. Anadula kathumba kobiriwira kaja mosamala monga mwa nthawi zonse, koma m'malo mokataya anakaika pa chikhatho n'kumakayang'ana.

"Ndiye akuti ndi kameneka?"

"Eya, Amayi. Akuti madzi ake sakuyenda, akulowa m'magazi."

"Osati kuti munthu analakwa?"

"Ayi. Ndi matenda chabe. Ali ndi dzina lake."

"Talitchula."

Ndinalitchula. Anati ndibwereze, ndipo ndinabwereza pang'onopang'ono monga anandichitira nesi uja. Iwo anayesa, analephera, anayesanso. Ulendo wachitatu analitulutsa lonse, momveka, kuposa mmene ine ndinachitira pa benchi. Kenako anapukuta mpeni pa chitenje n'kukhala pansi, pa dothi penipeni.

"Iwe si woyamba," anatero.

Anayankhula maso ali pa nkhuku. Anati asanabwere ku Lusaka, ali mtsikana kumudzi kwa apongozi awo, bambo ali kuno kufunafuna ntchito n'kumabwera mwa apo ndi apo, anatenga mimba kawiri. Ulendo uliwonse, miyezi ikamatha, zikhatho ndi mapazi zinkayabwa mpaka ankakwecha pa mwala wotsukira mapazi magazi kutuluka. Ulendo uliwonse mwana ankagunda bwinobwino mpaka sabata yomaliza, kenako zii. Onse awiri anabadwa atafa kale.

Ndinafunsa chifukwa chake sanatiuzepo zaka zonsezi, ndipo anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. Mwana wotero kwathu amati mtayo. Samulira maliro, samupatsa dzina, samuwerenga. Azimayi achikulire okha ndi amene amamutenga n'kukamuika, mwakachetechete, ndipo mayi wake amauzidwa kuti akagwetsa msozi atseka mimba yake. Ukafunsidwa kuti uli ndi ana angati, umatchula amoyo ndi amene anayamwapo. Choncho pamene dokotala anafunsa, pakamwa pawo panakana kutseguka, chifukwa panali patatsekedwa kwa zaka pafupifupi makumi atatu.

Koma sizinathere pa kusalira. Ulendo wachiwiri azimayi a kuchimuna anawatsekera m'nyumba n'kuwauza kuti atchule mwamuna amene anagona naye, pakuti ana awiri sangafe chimodzimodzi popanda chifukwa. Amayi analibe woti amutchule. Anawapanikiza tsiku lathunthu, ali ndi ululu wa uchembere, ndipo pamapeto pake anangowasiya ngati munthu wouma mtima. Iwo, podziwa kuti sanalakwe, anatsimikiza mumtima kuti wolakwa ndi bambo, amene ankakhala okha m'tauni. Sanawafunsepo. Anakhala nawo zaka zonse zija, kuwaphikira, kuwachapira, kuwadwazika mpaka kuwaika m'manda, ali ndi kanthu kameneka pansi pa mtima.

"Pa mimba yako ndinayabwanso," anatero. "Ndinkangodikira kuti nayenso apita. Koma iwe unatuluka wekha masiku asanakwane. Phuma lako lija ndi limene linakupulumutsa."

Ndinalira ine, iwo sanalire. Ndinalirira ana amene sindinkadziwa kuti analipo, ndinalirira bambo anga amene anapita osadziwa mlandu umene ankawasungira, ndipo ndinalira ndi mantha, chifukwa tsopano masabata anayi aja anaoneka aatali koopsa. Mwana anagunda kamodzi pansi pa nthiti, ndipo tonse awiri tinaika manja pamenepo.

Amuna anga atabwera madzulo, amayi anawapatsa moni wathunthu, atagwada chapatali monga mwa ulemu wa apongozi, ndipo anawaikira chiwindi ndi nthutumba m'mbale yawo. Munthu wa Mulungu anadya akuyang'ana uku ndi uku, osadziwa kuti anali pa mlandu ndipo wamasulidwa. Botolo la mchere linabwerera pa shelefu tsiku lomwelo.

Kutacha amayi anavala yunifolomu yawo ya chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, bulauzi yoyera yositasita ndi duku lake, ngakhale silinali tsiku la mapemphero. Ndinawafunsa chifukwa chake, ndipo anati zinthu zina munthu sanena atavala zogulitsira nyemba. Pa khomo la chipatala mlembi anati tsiku langa lobwera silinakwane. Ndisanatsegule pakamwa, amayi anaika manja awiri pa tebulo lake.

"Mwana wangayu ali ndi kolestasisi. Inenso ndinali nayo. Tikufuna adokotala adzulo aja."

Pamaso pa dokotala anafotokoza zonse, ataimirira, m'Chichewa cha ku Katete chosasakaniza, ndipo pamene iye sanamve ine ndinkamasulira. Anatchula miyezi, anatchula kuyabwa, anatchula tsiku limene aliyense anasiya kugunda. Dokotala anasiya kulemba n'kumangomvetsera. Atamaliza, amayi anamufunsa molunjika ngati ndulu ndi imene inapha ana awo.

Mnyamata uja sananame, ndipo ndimamulemekeza pa chimenecho. Anati sangalumbire pa zinthu zimene zinachitika kalekale popanda wopima magazi, koma zimene afotokozazo zikufanana kwambiri ndi matenda amenewa, ndipo amadziwika kuti amayenda m'banja, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Anawonjezera kuti palibe chimene iwo kapena amuna awo anachita chimene chikanabweretsa zimenezi. Kenako anakhwatcha zimene analemba dzulo lake. Anati sindibwereranso kunyumba. Andigoneka, andibaya jakisoni wothandiza mapapo a mwana kukhwima, azimumvetsera m'mawa ndi madzulo, ndipo pakatha masiku ochepa ayambitsa matenda.

Masiku amenewo ndimawakumbukira mokoma, ngakhale kuti ndinali ndi mantha osaneneka. M'wodi munali azimayi a mitundu yonse, wina wa ku Kabulonga wa ma sutikesi awiri, wina wa ku Soweto wobwera ndi chitenje chimodzi, ndipo tonse tinkagawana madzi otentha a m'fulasiki imodzi. Amayi ankabwera ndi phala m'mawa uliwonse n'kukhala panja pa udzu tsiku lonse pamodzi ndi odikirira ena, kudikira ola loona odwala. Akalowa ankandipukuta mapazi ndi kansalu konyowa. Sitinakambenso za kumudzi. Nthawi iliyonse nesi akaika chomvetsera pa mimba yanga, ndinkasiya kupuma mpaka iye atagwedeza mutu.

Anandiika diripi Lachiwiri m'mawa. Za ululu sindinena, amene anapitamo akudziwa ndipo amene sanapitemo sangamve. Chimene ndinkafunsa azamba mobwerezabwereza, mpaka kuwatopetsa, chinali chimodzi: kodi akugunda? Dzuwa litapendeka mwana anatuluka, wamkazi, wamng'ono, wotuwa, ndipo kwa kanthawi sanalire. Ndinaona azamba awiri atawerama pa iye, wina akumupukuta msana mwamphamvu. Ndinaitana Mulungu ndi mayina onse amene ndinkawadziwa. Kenako kamwanako kanatsokomola, n'kutulutsa kulira kwakung'ono kokwiya, ndipo mzamba anaseka nati uyu ndi wa pakamwa.

Mzamba mmodzi anatuluka kukauza a panja. Patangopita kanthawi ndinamva mfuu m'khonde la chipatala, kulira kwa maliro kwenikweni, kwa kumudzi, kokoka mawu. Ndinawazindikira mawu a amayi ngakhale kuti ndinali ndisanawamvepo akulira chotero, ngakhale pa maliro a bambo.

"Ana anga ine! Ana anga ine, mayo!"

Amuna anga anandiuza pambuyo pake kuti ankangofika kumene kuchokera kuntchito, fulasiki ili m'manja. Atamva apongozi awo akulira choncho, fulasiki inagwa n'kusweka, ndipo anakhala pansi pomwepo poganiza kuti tapita tonse awiri. Anthu anayamba kusonkhana, ena akupepesa kale. Nesi wina anathamangira kukawakalipira kuti akuopseza odwala, mwana ali moyo, mayi ali moyo, akulira chiyani? Amayi sanamumve n'komwe. Anakhala pa simenti, miyendo atatambasula, duku litagwa, n'kulira mpaka misozi ya zaka zonse zija itatha.

Anawalola kulowa dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Maso anali otupa, mawu atasasa, koma duku anali atamanganso bwinobwino. Sanandifunse mmene ndikumvera. Anasamba m'manja, anatenga mwana pa chifuwa panga, anamuvundukula n'kuyang'ana zala zake, mapazi ake, kamimba kake kakukwera ndi kutsika. Kenako anamuyandikiza kukamwa kwawo n'kumuuza, momveka kuti ine ndi azamba timve:

"Wafika, mdzukulu wanga. Uli ndi amalume awiri amene sunawapeze. Onse anali aamuna."